AYISIKIRIMU WA ZIPATSO ZATHU



Lero tikamba za chakudya chozizira chimene ana athu amachiona m'tauni. Pa Chipwitikizi amachitcha sorvete. Ena amati ayisikirimu. Ambiri a ife timachiyesa chakudya cha kufakitale, cha anthu a ndalama okha. Koma zimene zili m'kati mwake timazidziwa tonse: zipatso, mkaka ndi shuga.

M'miyezi ya Novembala, Disembala ndi Januwale mango amapsa nthawi imodzi. Timadya, timagulitsa motchipa m'mbali mwa msewu, otsala amaolera pansi. Nthochi zikapsa kwambiri wogula sazifuna. Ku Changara ndi ku Mágoè milambe imabereka malambe ochuluka mvula ikatha. Ku mapiri a Angónia ndi Tsangano kuli mapichesi, kulinso ng'ombe. Ndipo mu Okutobala kutentha mumzinda wa Tete kumapitirira madigiri 40. Zipatso tili nazo. Anthu ofuna chozizira aliponso.

Mfundo ya phunziro lathu ndi iyi. Ayisikirimu wabwino amafuna zinthu ziwiri: muyeso ndi ukhondo. Wopanda muyeso amalimba ngati mwala. Wopanda ukhondo amadwalitsa ana.

MAKINA AWIRI

Ntchito imeneyi imafuna makina awiri. Oyamba ndi bulenda. Pa katoni yake m'sitolo amalemba kuti liquidificador. Tiyeni tiwerenge pamodzi, pang'onopang'ono: li-qui-di-fi-ca-dor. Pansi pa bulenda pali injini ya magetsi. Pamwamba pali jagi ndi chivindikiro chake. M'kati mwa jagi muli timipeni tozungulira mwaliwiro. Ntchito imene amayi amaigwira ndi mtondo ndi munsi, timipeniti timaimaliza m'mphindi imodzi. Amene amadziwika kuti adayamba kupanga makinawa ndi Stephen Poplawski wa ku Racine, m'dziko la America, mu 1922. Iye ankafuna makina osakanizira zakumwa za mkaka m'masitolo.

Makina achiwiri ndi firiji, imene kuno timaitchanso geleira. Mbali imene tikuifuna ndi ija youndanitsa madzi, yotchedwa congelador. Madzi amaundana pa madigiri 0. Congelador yabwino imafika madigiri 18 pansi pa ziro. Pa pepala timalemba chonchi: -18. Kamzere kali patsogolo pa nambalako kakutanthauza kuti pansi pa ziro.

Magetsi ambiri a dziko lathu amachokera ku damu la Cahora Bassa pa mtsinje wa Zambezi, limene lidatha kumangidwa mu 1974. Koma mawaya sanafike m'mudzi uliwonse, ndipo makina awiriwa ndi okwera mtengo kwa banja limodzi. Mutu umodzi susenza denga. Mabanja angapo angathe kusonkha ndalama kudzera mu xitique, n'kuika makinawo pa nyumba kapena pa msika pamene pali magetsi. Kumene kulibe magetsi kulinso njira yake. Tiikamba kutsogoloku.

CHIMENE CHIMAFEWETSA AYISIKIRIMU

Tikaika madzi mu congelador, amatuluka ngati mwala. Tikaika mkaka wokha, nawonso umalimba, ndipo umakhala ndi timatalala tolasa lilime. Nanga ayisikirimu amafewa bwanji, pamene nayenso ndi woundana? Pali zifukwa 4.

Choyamba ndi shuga. Madzi a shuga saundana pa 0. Amafuna kuzizira koposa pamenepo. Choncho pakati pa timatalala pamatsala timadzi tosaundana, ndipo supuni imalowa bwino. Shuga akachepa, timapeza mwala. Akachuluka, ayisikirimu salimba konse, amangokhala ngati phala.

Chachiwiri ndi mafuta. Mafuta ali mu mkaka, ali mu chiponde, alinso m'mapeyala. Ndiwo amene amasalalitsa ayisikirimu pa lilime. Mkaka wothira madzi umapereka ayisikirimu wonga mchenga.

Chachitatu ndi mpweya. Timipeni tikamazungulira, timalowetsa tithovu ta mpweya m'chakudyacho. Ndi chifukwa chake ayisikirimu amapepuka kuposa madzi oundana.

Chachinayi ndi kukula kwa timatalala. Chinthu chikamaundana pang'onopang'ono popanda wochitakasa, timatalala timakula. Chikaundana msanga, kapena bulenda ikatiphwanya, timachepa mpaka lilime silitimva.

Kufakitale amagwiritsa ntchito mfundo 4 zomwezi. Kusiyana kwake ndi kukula kwa makina basi.

MIYESO YATHU

Pophika nsima dzanja limadziwa ufa wokwanira. Pa ayisikirimu dzanja lokha limanama. Tiyenera kuyeza. Tiyeni tilembe m'makope mwathu:

Lita imodzi ndi mamililita 1,000.
Kapu imodzi yoyezera ndi mamililita 250.
Makapu 4 ndi lita imodzi.
Supuni yaikulu ndi mamililita 15.
Kapu yodzaza shuga imalemera pafupifupi magalamu 200.

Makapu a m'nyumba zathu ndi osiyanasiyana. Tiyese kapu yathu chonchi: tidzaze madzi m'botolo la lita imodzi, tithire m'kapu. Ngati botolo latha pa ulendo wachinayi, kapuyo ndi ya 250. Tiisunge padera, ikhale yoyezera nthawi zonse. Pa jagi ya bulenda palinso timizere ndi manambala. Amene waphunzira kuwerenga 250, 500 ndi 1,000 safunanso womuuza.

WA NTHOCHI

Uyu ndiye wosavuta kuposa onse, ndipo safuna shuga.

Zofunika: nthochi 4 zakupsa kwambiri, theka la kapu ya mkaka wowiritsa ndi wozizira, masupuni 2 a chiponde.

Tisende nthochi tisanaziike mu congelador, chifukwa khungu likaundana silisendeka. Tizidule tizidutswa tonga chala chachikulu. Tiziyale m'mbale ya chivindikiro, zigone mu congelador usiku wonse. M'mawa tizitulutse, zikhale panja mphindi 5. Tithire mkaka mu jagi poyamba, kenaka nthochi, kenaka chiponde. Tigaye. Poyamba zimaoneka ngati mitama ya chimanga. Tisataye mtima. Tiimitse bulenda, tikankhire pansi ndi supuni, tigayenso. Posakhalitsa zimasanduka zosalala. Tingathe kudya nthawi yomweyo. Tikafuna wolimbirako, timubwezere mu congelador maola 2.

Nthochi zija zimene wogula adazikana chifukwa cha madontho akuda pakhungu ndizo zabwino pa ntchitoyi, pakuti ndizo zotsekemera kwambiri. Zoola zokha ndizo titaye. Chiponde chichokere ku mtedza wosankhidwa bwino. Mtedza wa chuku uli ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo poizoniyo satha ndi moto kapena ndi kuzizira.

WA MANGO

Zofunika: makapu 3 a mnofu wa mango akupsa, kapu imodzi ya mkaka, masupuni 6 a shuga.

Mango athu ambiri ali ndi ulusi. Ulusi umakola timipeni ndipo umatsalira m'mano. Choncho tigaye mnofuwo poyamba, tiusefe ndi sefa yoyera. Tisungunule shuga mu mkaka. Tisakanize zonse mu bulenda kwa mphindi imodzi. Tilawe. Chizitsekemera pang'ono kuposa mmene tikufunira, chifukwa lilime likazizira silimva shuga mokwanira. Mango akakhala owawasa tiwonjezere masupuni 2, osapitirira.

Tithire m'mbale yotakata, yosazama, kuti chiundane msanga. Tivindikire. Pakapita maola 3 m'mbali mumakhala mutalimba, pakati pali pofewa. Imeneyo ndiyo nthawi yake. Tibwezere zonse mu bulenda, tigayenso theka la mphindi, tibwezere mu congelador mpaka m'mawa. Kugaya kwachiwiriku ndiko kumaphwanya timatalala ndi kulowetsa mpweya. Wothamanga amakudumpha, ndipo amatulutsa mwala wa mango. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mapichesi ndi mapapaya timawachita chimodzimodzi. Magwafa tiwasefe kuti nthanga zichoke.

WA MALAMBE

Zofunika: makapu 2 a malambe, makapu 2 a madzi owiritsa, makapu 2 a mkaka, theka la kapu ya shuga.

Madzi akawira tiwasiye apole mpaka akhale ofunda. Tiviikemo malambe ola limodzi. Titakase ndi mthiko woyera mpaka ufa wonse uchoke ku nthanga. Tisefe. Pano timvetsetse, anzathu: nthanga za malambe zisalowe mu bulenda. Ndi zolimba kwambiri. Zimabunthitsa timipeni ndipo zingang'ambe jagi.

Tithire mkaka ndi shuga mu jagi, kenaka madzi a malambe aja. Tikagaya tiona chikukhuthala ngati chambiko. Sichinawonongeke ayi. Kuwawasa kwa malambe ndiko kumagwira mkaka chotero. Malambe ndi owawasa kuposa mango, ndi chifukwa chake amafuna shuga wambiri. Tiumitse monga tidachitira ndi mango, osaiwala kugaya kwachiwiri. Malambe ali ndi vitamini C wambiri kuposa malalanje. Mango akupsa amathandiza thupi kupeza vitamini A, amene maso amamufuna.

KUSAMALA BULENDA

Bulenda ya gulu ndi chuma cha mabanja ambiri. Malamulo ake ndi awa:

1. Zamadzi zilowe poyamba, zolimba pambuyo.
2. Tisadzaze kupitirira mzere wapamwamba wa jagi.
3. Tivindikire tisanayatse.
4. Izungulire theka la mphindi, ipume, izungulirenso. Injini ikayamba kununkha kupsa, tithimitse ipole.
5. Supuni kapena chala zisalowe mu jagi timipeni tikuzungulira. Tizule pulagi poyamba.
6. Tisagwire pulagi ndi manja onyowa. Magetsi athu ndi a 220 V, ndipo amapha.
7. Injini isaviikidwe m'madzi. Tiziipukuta ndi kansalu.
8. Ana asaseweretse.

Tikamaliza, titsuke jagi nthawi yomweyo. Tithiremo madzi ofunda ndi sopo pang'ono, tiyatse kanthawi kochepa, titsukuluze ndi madzi abwino. Ngati pansi pa jagi pamamasuka, timasule, titsuke mphira wake. Pansi pa timipeni ndi pamene mkaka wakale umabisala.

KUZIZIRA SIKUPHA TIZILOMBO

Tsopano tafika pa mfundo yaikulu. Tiyeni tiwerenge pamodzi mokweza: Kuzizira sikupha tizilombo.

Ambiri timaganiza kuti chinthu chikaundana chayera. Si choncho. Moto ndiwo umapha tizilombo toyambitsa matenda. Kuzizira kumangotigoneka. Ayisikirimu akasungunuka m'mimba mwa mwana, tizilomboto timadzuka. Nsima timaidya itachoka pamoto. Ayisikirimu sapitanso pamoto. Dothi lililonse limene lalowa popanga limafika kwa wakudya.

Tonse tikukumbukira kolera imene idayamba ku Niassa mu Seputembala 2022, n'kufalikira kwambiri namondwe Freddy atadutsa mu 2023. Kachilombo ka kolera kamayenda m'madzi, ndipo kamakhalabe ndi moyo m'madzi oundana. Ngakhale mafakitale akulu adagwapo m'vuto lotere. Ku America mu 1994 anthu pafupifupi 224,000 adadwala m'mimba chifukwa cha ayisikirimu wa fakitale imodzi. Magalimoto amene ankanyamula mkaka wosakaniza kupita ku fakitaleyo adali atanyamulapo mazira osaphika, ndipo kachilombo kotchedwa salmonella kadatsalira m'mathanki.

Choncho tichite izi:

Madzi onse, opangira ndi otsukira omwe, akhale owiritsa kapena othira Certeza monga mwa malangizo a pa botolo. Powiritsa, abwadamuke mphindi yathunthu.

Mkaka wa m'khola tiuwiritse, tiuvindikire, uzizire. Mkaka wosawiritsa ungathe kutipatsa chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda ena a malungo osatha. Mkaka wa ufa tiusungunule ndi madzi owiritsa. Pa paketi ndi pa chitini tiyang'ane liwu lakuti validade. Tsiku lolembedwa pamenepo likapitirira, tisagule.

Tisaike mazira osaphika.

Tisambe m'manja ndi sopo tisanayambe, ndiponso tikachoka ku chimbudzi kapena tikasintha mwana thewera. Amene akutsegula m'mimba asagwire ntchitoyi tsiku limenelo.

Zipatso tizitsuke tisanazisende, chifukwa mpeni umatenga dothi la pakhungu n'kulilowetsa m'kati.

Pothira m'timapepala ta pulasitiki togulitsira, tisatsegule kapepala pouzira ndi pakamwa. Mpweya wa m'kamwa umalowa ndi malovu. Titsegule ndi zala zoyera, tithire ndi fanulo.

MAGETSI AKATHIMA

Magetsi akathima tisamatsegule congelador. Yodzaza bwino, yosatsegulidwa, imasunga kuzizira pafupifupi maola 48. Yodzaza theka imasunga pafupifupi maola 24. Ayisikirimu akasungunuka mpaka kukhala madzi, tisamuumitsenso. Mu mkaka wa shuga wofunda tizilombo timaswana msanga, ndipo kuumitsanso kumangobisa vutolo. Kutaya kumapweteka mtima, koma kugoneka mwana wa mnzathu ku chipatala kumapweteka koposa, ndipo msika wathu umathera pomwepo.

Pa chivindikiro chilichonse tilembe tsiku limene tapanga. Ayisikirimu wa kunyumba athe m'kati mwa sabata imodzi. Wakale atuluke poyamba.

KUMENE KULIBE MAGETSI

Ayisikirimu adayamba kale firiji isanabwere. Ankamupanga ndi ayisi ndi mchere. Mchere umasungunula ayisi, ndipo madzi amchere amene amatulukawo amazizira kupitirira 0, mpaka kufika pafupi ndi -20. Mu 1843 mayi wina wa ku Philadelphia, Nancy Johnson, adalembetsa ku boma chidebe chopukusa ndi dzanja chogwira ntchito mwa njira yomweyi.

Ifenso tingathe, ngati tagula ayisi ku boma ndi kumufunditsa bwino m'thumba ndi utuchi. Tisinje zipatso mu mtondo waung'ono wotsukidwa bwino, tisefe, tisakanize ndi mkaka ndi shuga monga mwa miyeso ija. Tithire m'kapoto kachitsulo ka chivindikiro. Tiike kapotoko pakati pa ndowa. M'mbali mwake tithire ayisi wophwanya ndi mchere wa mibulu, makapu 4 a ayisi pa kapu imodzi ya mchere. Tifunditse ndowayo ndi chiguduli. Tizizungulitsa kapoto, ndipo mphindi 5 zilizonse titsegule, tipale zimene zaundana m'mbali, titakase ndi mthiko. Pakatha pafupifupi theka la ola ayisikirimu wapsa. Madzi amchere asalowe m'kapoto, pakuti ayisi wogula sitidziwa madzi ake.

TIWERENGERE PHINDU

Gulu likafuna kugulitsa, likhale ndi kope. Manambala awa ndi ongophunzirira. Aliyense aikepo mitengo ya pa msika wa kwawo.

Tiyerekeze kuti tapanga malita 2. Mkaka tagula ndi 70 meticais, shuga 20, timakapu 20, magetsi 10. Zonse pamodzi ndi 120. Kakapu kamodzi ndi ka mamililita 100, choncho malita 2 atipatsa timakapu 20. Tikagulitsa kamodzi pa 10 meticais, tipeza 200. Tichotse 120. Patsala 80.

Kodi 80 yonseyo ndi phindu? Ayi. Mango a pakhomo nawonso ali ndi mtengo wake. Tsiku lina magetsi adzathima ndipo katundu adzatayika. Tsiku lina mphira wa jagi udzatha. Gawo lina lisungidwe m'thumba la gulu.

Za magetsi tidziwenso ichi. Bulenda yolembedwa 500 W imadya yuniti imodzi ya Credelec ikazungulira maola 2 athunthu, pamene ife timaiyatsa mphindi zochepa chabe. Imene imadya mayuniti ndi congelador, chifukwa imayaka usana ndi usiku. Tiiike pamthunzi, kutali ndi moto, ndipo tisamaitsegule wamba.

MAWU KWA MAKOLO

Ayisikirimu salowa m'malo mwa nsima ndi ndiwo. Shuga wambiri amaboola mano a ana, ndipo odwala matenda a shuga ayenera kusamala naye. Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha. Kwa ana okulirapo, wa nthochi uja wopanda shuga ndiye woyenera kuposa onse.

Amayi ndi abambo, chaka chino mango akayamba kugwa, tisawayang'ane akuola. Tikhale ndi kapu yoyezera, madzi owiritsa, sopo ndi kope.  Tsopano titsegule makope.

TIWERENGE NDI KULEMBA

ma-la-mbe, ntho-chi, mka-ka, mu-ye-so, u-kho-ndo

Tayeza shuga ndi supuni.
Amayi awiritsa mkaka.
Kuzizira sikupha tizilombo.

TIWERENGERE

1. Makapu 4 ndi lita imodzi. Malita 3 ndi makapu angati?
2. Nthochi 4 zimafuna theka la kapu ya mkaka. Nthochi 12 zifuna mkaka wochuluka bwanji?
3. Pa timakapu 20 tagulitsa 15, ndipo 5 tasungunuka. Kamodzi ndi 10 meticais. Tidawononga 120. Patsala zingati?

TIKAMBIRANE

1. Ndi zipatso ziti zimene zimaola kwambiri m'mudzi mwathu, ndipo m'mwezi uti?
2. Madzi amene timatunga ndi abwino kupangira chakudya chosapita pamoto? Tingawakonze bwanji?
3. Gulu likagula bulenda ndi firiji, ndani asunge kope, ndipo ndani aone za ukhondo?